Inzake Ili Kuti?

A Chidendene sankasoka nsapato imodzi. Munthu akabwera nayo imodzi m'manja, kaya yangosomphoka ulusi pang'ono, kaya yaguluka chidendene, iwo ankaiyang'ana osaigwira, n'kufunsa osadzutsa mutu: "Inzake ili kuti?" Ukanena kuti inzake ili bwinobwino kunyumba, ankati, "Kaitengeni." Ukanena kuti kunyumba n'kutali, ankati, "Ndiye mubwere mawa." Akatero ankapitiriza zimene amachita, iwe uli chiimire ndi nsapato yako ngati wanyamula nkhuku yakufa.

Funso limeneli ndinalimva zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ine ndimakonza mawotchi. Tebulo langa lili pa khonde la sitolo ya zitsulo, mapazi awiri kuchokera pamene panali lawo, ndipo pakati pathu panali benchi imodzi ya makasitomala. Patsiku tinkalankhulana mawu osakwana makumi awiri. Tinkagwirizana kwambiri.

Tebulo lawo linali lalifupi, lolekeza m'mawondo, lakuda bii ndi guluu. Pamwamba pake pankakhala chitsulo cha miyendo itatu chokhomerapo nsapato, hamala ya chigwiriro chomanga ndi waya, singano ziwiri zazikulu, phula lopaka ulusi, chitini cha timisomali, ndi mpeni umene unanoledwa mpaka kutsala ngati tsamba la udzu. Kumbuyo kwawo kunali shelefu ya matabwa atatu. Nsapato zonse pamenepo zinkakhala ziwiriziwiri, atazimanga pamodzi ndi zingwe zake.

Chifukwa chake anandiuza kamodzi kokha, m'chaka chathu chachitatu, ine osafunsa.

"Nsapato imodzi imanama," anatero. "Ikakhala yokha imangodandaula. Uziike ziwiri pamodzi, ndi pamene umadziwa mmene mwini wake amapondera. Ukakweza chidendene cha imodzi inayo n'kuisiya, munthu amayenda ngati bakha. Pakatha chaka msana wayamba, azikavutitsa achipatala, wolakwa ndili phee pano."

Dzina la Chidendene anawapatsa chifukwa ankayamba kuona chidendene cha nsapato asanaone nkhope ya mwini wake. Sankasankha munthu. Wapolisi wina anabwera ndi buti imodzi, inzake atavala. Anamuvulitsa. Anakhala pa benchi ola lathunthu ndi masokosi okha, chala chachikulu chikusuzumira pabowo, anthu akudutsa n'kumamupatsa moni waulemu woposa wa masiku onse.

Chaka chino mumsewu mwathu mwachoka anthu asanu, onse ulendo wa kumanda. Msewu wake ndi waufupi, woti ukaima pokwerera basi umamuzindikira munthu amene ali pa mpopi wa kumapeto, choncho asanu ndi ambiri. Achoka mayi wophika buledi, amene nsapato zawo zinkatha kutsogolo chifukwa chosendera pa uvuni. Wachoka mlonda wa pasukulu, amene soli zake zinkatha zaka zinayi zikadali zatsopano, ndipo a Chidendene sananenepo kanthu za ulonda wake. Achoka anesi opuma, amene anabadwitsa theka la msewu uno n'kukalipira theka linalo. Awiri otsalawo ndi a Chidendene ndi alamu awo a Dalaivala. Anthu andipempha kuti ndilembe za onse asanu, ati poti ine ndimangokhala n'kumayang'ana. Ndayamba ndi amene ndinkawayang'anira pafupi.

A Chidendene anali ndi mlongo mmodzi, wamng'ono kwa iwo ndi zaka zisanu ndi zitatu, amene tonse timati amake mapasa. Makolo atamwalira anawalera okha, ndi singano yomweyo. Akazi a a Chidendene anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo amagwira ntchito kutali. Choncho banja lawo la tsiku ndi tsiku linali mlongo wawoyo ndi amuna ake, a Dalaivala, amene ankayendetsa lole yonyamula matabwa.

A Dalaivala anali munthu wathupi, wa mawu ngati hutala. Akabwera ku ulendo ankaimika lole patsogolo pa khonde, kutitsekera dzuwa, n'kugubuduza tayala lakutha mpaka pamapazi pa a Chidendene kuti adulemo soli.

"Alamu, ndakubweretserani chakudya chanu."

"Ikani apo. Mwagunda zingati ulendo uno?"

"Mbuzi imodzi. Inali ngati inu, sinadzutse mutu."

"Mlongo wanga ndinamuchenjeza ine. Ndinati usakwatiwe ndi munthu wogwira ntchito atakhala pansi."

"Nanga inuyo mwaimirira?"

"Ine ndimakhala malo amodzi. Amadziwa kondipeza."

Akatero a Dalaivala ankavula nsapato zonse ziwiri osadikira kufunsidwa. Ya kumanja inkatha m'mbali chifukwa cha buleki, ya kumanzere inkakumbika pansi pa zala chifukwa cha kilachi. A Chidendene ankalowetsa chala m'kadzenje kameneko n'kunena kuti pathupi ponse pa alamu awo, chogwira ntchito ndi mwendo wa kumanzere wokha.

Zaka zitatu zapitazo a Dalaivala anawapeza ndi matenda a shuga. Kachilonda ka pa chala cha phazi la kumanzere kanakana kupola, ndipo mapeto ake madokotala anadula mwendowo m'munsi mwa bondo. A Chidendene anaphimba tebulo lawo ndi lona masiku asanu ndi limodzi, n'kukakhala pa benchi ya kuchipatala. Zotseka ntchito ndinali nditaziona kamodzi kokha, pa maliro a akazi awo.

Patatha miyezi itatu a Dalaivala anatuluka m'nyumba koyamba. Kunali m'mawa, dzuwa lisanafike pa tebulo langa. Ndinawaona akubwera ndi ndodo ziwiri za kuchipatala, mwendo wa buluku ataupinda n'kuubaya ndi pini, kuphazi lotsalalo atavala patapata, jumbo ikulendewera padzanja. Anali ataonda mpaka kolala ya malaya kutalikirana ndi khosi. Kuchokera kunyumba kwawo kufika pa khonde pathu ndi mapazi mazana atatu. Anapuma kanayi. Atafika anatulutsa m'jumbomo nsapato yakuda ya kumanja, soli itayasama, n'kuiika pa tebulo.

A Chidendene anali atawerama, akukhoma nsapato za mwana wasukulu, timisomali titatu tili pakamwa. Anaona nsapato ikutera pa tebulo. Analavulira timisomalito m'dzanja.

"Inzake ili kuti?"

Ena amati sanadziwe kuti ndi ndani, poti sanadzutse mutu. Ena amati anadziwa, chifukwa nsapato imeneyo anali ataisoka kasanu ndi kawiri. Ine ndinali mapazi awiri chabe, koma sindikudziwa mpaka lero.

A Dalaivala anaima akuyang'ana pa liwombo pa alamu awo. Pa benchi panali azimayi awiri, ndipo mmodzi anayamba kufufuza m'chikwama chinthu chimene sanataye.

"Kafunseni adokotala," anatero a Dalaivala.

Anatembenuka. Kutembenuka ndi ndodo ziwiri kumatenga nthawi, nthawi yokwanira kuti munthu anene mawu amodzi. A Chidendene anabwezera timisomali pakamwa. Nsapato inatsala pa tebulo.

Masana ake kunabwera amake mapasa, manja akadali onyowa ndi madzi ochapira.

"Achimwene, mwawatani alamu anu?"

"Ndawafunsa chimene ndimafunsa aliyense."

"Iwo ndi aliyense?"

"Ukufuna ndiwachotse m'gulu la anthu?"

"Munthu wataya mwendo, inu mukufunsa nsapato."

"Za miyendo sindizidziwa. Ndimadziwa nsapato."

"Tiyeni mukapepese. Mawu amodzi basi, sakutherani malovu."

"Abweretse inzake, ndiwasokera lero lomwe."

Amake mapasa anatiuza kuti amuna awo atafika kunyumba analamula kuti nsapato zonse za kumanzere zikatayidwe kudzala. Analumbiranso kuti mumsewu uno sadzapondamo, ndipo munthu wodya misomali uja sadzalankhula naye mpaka kufa. A Chidendene anamvetsera zonsezi akupaka phula pa ulusi.

Patapita miyezi ingapo achipatala anawapatsa a Dalaivala mwendo wochita kupanga, wa pulasitiki ndi chitsulo, wa malamba awiri. Anauyesa kamodzi, anati ukuluma, n'kuuimika kuseri kwa chitseko cha pabalaza. Ankakolekapo chipewa. Iwo anakhazikika pa mpando wa pawindo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anesi opuma aja, amene ankabwera kudzawabaya jekeseni, anawauza mosapsatira kuti akapanda kuyenda magazi sayendanso, ndipo mwendo wotsalawo utsatira unzake. A Dalaivala anati uzipita, njira waidziwa kale.

Nsapato ija a Chidendene anaiika pa thabwa la pamwamba, payokha. M'zaka zonsezo inali yoyamba kugona pa shelefu imeneyo yopanda inzake. Lolemba lililonse ankaitsitsa, kuipukuta fumbi, kuipaka polishi, n'kuibwezera soli ili chiyasamire. Kasitomala akafunsa kuti ndi ya ndani, ankati, "Ya munthu akubwera."

Amene anavutika ndi amake mapasa. Ankaphikira amuna awo, n'kupatula mbale ina kubwera nayo pa khonde. Kunyumba sankatchula achimwene, pa khonde sankatchula amuna awo. Mapasawo ndi akuluakulu, ali pa mabanja awo, koma akabwera kudzaona makolo ankalonjera amalume awo mwachangu, maso ali kumsewu, ngati akugula katundu wakuba. Anesi opuma anayesapo kuyanjanitsa. Anakalipira wa pawindo, anabwera kudzakalipira wa pa khonde, kenako anati m'moyo wawo anaonapo ana okana kutuluka m'mimba, koma onse anatuluka, sanafike pa awiriwa.

Chaka chitatha amake mapasa anabwera ndi kanthu atakakulunga m'nsalu. Anakaika pa tebulo ndi mphamvu mpaka chitini cha misomali chinadumpha.

"Sindinataye. Ndinaibisa pamwamba pa kabati. Nayi inzake. Sokani, nkhani ithe."

A Chidendene anatsitsa ya kumanja ija. Anaziika zonse ziwiri pa mawondo, anazitembenuza, anaziyang'ana nthawi yaitali. Analowetsa chala m'kadzenje ka kilachi. Ine ndinati basi yatha.

"Iyi sinayende chaka chathunthu."

"Iyenda bwanji, achimwene, mwendo palibe?"

"Mwendo ulipo. Ndamva kuti wavala chipewa."



"Nsapato iyi ikundiuza za munthu wa lole," anatero a Chidendene. "Munthu ameneyo kulibenso. Ndikasoka potsatira iyeyo, wa leroyu agwa. Aivalike ku mwendo watsopanowo, ayende nayo mwezi, ndione mmene ukupondera. Ndikaona ndidziwa pokweza ndi potsitsa."

"Amayi akanakhala moyo akanakumenyani ndi nsapato yomweyi."

"Akanabwera nazo ziwiri."

Amake mapasa anatenga nsapato ya kumanzere ija osaikulunganso. Atafika kunyumba, poti kubisa kunali kutawakwana, anaikankhira ku phazi la mwendo wa kuseri kwa chitseko. Kuyambira tsikulo pakona pamenepo panaima mwendo wa chipewa kumwamba ndi nsapato kumunsi. Anesi opuma ankati akalowa ankayamba kupereka moni kwa umenewo, poti ndi umene unkaoneka wokonzeka kupita kwinakwake. A Dalaivala anaiona nsapatoyo. Sanafunse kumene yachokera, ndipo sananene kuti ichoke.

Chakumapeto kwa chaka chatha ndinayamba kuona zina. A Chidendene ankafika pa khonde akupuma ngati akwera phiri, pomwe msewu wathu ulibe ngakhale kachitunda. Hamala ankakhoma kawiri n'kuitsamira pa bondo. Tsiku lina ndinawaona atavula nsapato zawo, akuzing'amba pamwamba ndi mpeni uja kuti mapazi alowe. Lotupa kwambiri linali la kumanja, koma anang'amba zonse ziwiri mofanana. Anesi opuma podutsa anawerama, anadina chala pa msongolo wawo, ndipo pamene anadinapo panatsala dzenje. Anati ndi mtima umenewo, mawa mukaonekere kuchipatala.

Anapitadi, n'kubwera ndi mapilitsi m'kapepala.

"Ati bwanji?" ndinafunsa.

"Ati ndisamanyamule zolemera. Ndawauza kuti ndimanyamula nsapato ziwiri basi."

Anapinda kapepala kaja n'kukaika m'thumba.

"A Mawotchi, mlongo wanga asamve. Ali kale ndi wodwala mmodzi."

Kuyambira pamenepo amake mapasa akamabwera ndi mbale, a Chidendene ankatsitsa chiguduli chimene ankayala pa mawondo mpaka chiphimbe mapazi.

Mlongo wawo sindinawauze. Za alamu awo sanandiletse. M'dirowa yanga munali wotchi ya pamkono ya a Dalaivala, imene anaisiya asanadwale, ndipo ndinali nditaikonza kalekale. Lamulungu masana ndinapita nayo.

Pabalaza pawo pali mipando itatu yoyala tinsalu toluka, wayilesi, ndi kalendala ya kampani ya matayala imene inaima pa mwezi umene iwo anagonekedwa. Windo limayang'ana kumsewu. Pa simenti pankaoneka zipsera zinayi pamene mpando wawo unkakhala kale. Tsopano unali utasunthidwa pang'ono, pamalo poti ukakhalapo umaona kona ya khonde lathu osasuzumira. Amake mapasa anali kuseri, akuanula zovala.

"A Mawotchi, mwabwera kudzaona ngati ndikadapuma?"

"Ndabweretsa wotchi."

"Ndizionera nthawi yopita kuti?"

Ndinaiika pa katebulo. Tinamvetsera wayilesi pang'ono.

"Anzanu aja akadakhoma?"

"Akukhoma. Ang'amba nsapato zawo pamwamba. Mapazi sakulowa."

A Dalaivala anagonapo m'chipatala milungu itatu, ndipo anaona mmene anthu otupa mapazi ankatulukira m'wodimo. Anatsitsa mawu a wayilesi.

"Zonse ziwiri?"

"Zonse ziwiri."

"Chitsiru," anatero. Anatenga wotchi ija n'kuimanga pa mkono, ndipo lamba anafika pa bowo lomaliza. "Mayi akunyumba kuno akudziwa?"

"Ayi."

"Asadziwe."

Kanali koyamba m'zaka ziwiri kuti anthu awiriwa agwirizane pa chinthu.

Zotsatira zake tinazimva kwa amake mapasa, amene ankafotokoza akuyang'ana ine, ngati achimwene awo palibe. Ati sakudziwa chimene chawalowa amuna awo. Chipewa chasamukira pa msomali. Munthu wamanga malamba, akuyenda kuseri kwa nyumba, kuchokera pa khomo la khitchini kufika pa mtengo wa chingwe choyanikira, atagwira chingwecho. Tsiku loyamba anagwera m'bafa la zochapa. Lachitatu anagwera pa matimati. Pamene anadula paja panatuluka matuza, ndipo anesi opuma ankamanga bandeji akukalipa mosangalala. Ku mwendo wa pulasitiki kunali nsapato yakuda, kuphazi lenileni patapata, poti ya kumanja inali pa shelefu.

A Chidendene ankamva zonsezi mutu uli pansi. Anafunsa kamodzi kokha.

"Akuyenda pa dothi kapena pa simenti?"

"Pa dothi," anayankha amake mapasa, akuyang'anabe ine.

"Aziyendanso pa simenti. Dothi limabisa."

Panapita milungu isanu. M'milungu imeneyo a Chidendene anasiya kulandira ntchito yatsopano. Funso ankafunsabe, koma munthu akabwera nazo ziwiri ankamutumiza kwa wosoka wa kumsika. Eni nsapato ankabwera kudzatenga zawo, ndipo matabwa awiri a m'munsi anayera. Ankafika mochedwa tsiku ndi tsiku. Lachisanu lina sanabwere n'komwe, ndipo ine ndinamasula wotchi imodzi katatu osapeza vuto lake. Loweruka anabwera, anakhala pansi, anayang'ana pa thabwa la pamwamba, n'kuyamba kunola mpeni.

Linali Lachiwiri m'mawa pamene a Dalaivala anatulukira pa geti yawo. Anali ndi ndodo imodzi, chipewa chili kumutu, buluku litatsika miyendo yonse iwiri. Kumbuyo kwawo kunali amake mapasa atanyamula mpando wa pulasitiki. Msewu wonse unapeza chosesa pakhomo. Mayi wa pa golosale anasesa malo amodzi mpaka kukumba. A Dalaivala ankaponya mwendo wa kumanzere, kuudikira utere, n'kubweretsa wa patapata. Akaima, amake mapasa ankawaikira mpando, iwo osauyang'ana n'komwe. Pa tebulo langa panali mawotchi khumi ndi imodzi, ndipo asanu ndi awiri mwa iwo anagwirizana kuti ulendowo unatenga mphindi makumi anayi.

A Chidendene anali akupaka phula pa ulusi umene anali ataupaka kale.

A Dalaivala anakwera sitepe ya khonde cham'mbali, anadzigwetsa pa benchi, thukuta likutsika m'makutu. Panalibe moni. A Chidendene anaika ulusi pansi. Anagwira khoma, anaimirira, anatsitsa nsapato ija n'kuiika pakati pa tebulo. Anakhalanso pansi, anadikira mpweya ubwerere. Mutu sanadzutse.

"Inzake ili kuti?"

A Dalaivala anapinda buluku mpaka pa bondo. Anamasula lamba woyamba, anamasula wachiwiri. Anazula mwendo wonse, nsapato ili komweko, n'kuugoneka pa tebulo. Chitini cha misomali chinagwa, timisomali n'kumwazika mpaka pansi pa tebulo langa. Palibe anatola.

A Chidendene anauzondotsa mwendowo, anaupana ndi mawondo, anayendetsa chala pa soli kuchokera ku chidendene mpaka kutsogolo. Anatenga ya kumanja n'kuiika pambali pake.

"Mukupondera kunja, alamu. Ndiponso mukuukoka, simukuunyamula."

"Ndi watsopano. Ukuphunzira."

"Ndi waulesi. Uja unachoka uja unkagwira ntchito."

"Nanga anu mwaphimbawo akugwira ntchito yanji?"

Amake mapasa anali ataima ndi mpando wawo m'manja. Anayang'ana amuna awo, anayang'ana chiguduli. Anawerama n'kuchikweza. Anaona mapaziwo, ndi nsapato zong'amba pamwamba, zonse ziwiri. Anachibwezera bwinobwino monga anachipezera.

"Kuyambira liti?"

Anatembenukira kwa ine.

"A Mawotchi, nanunso?"

Ine ndinali nditaika galasi langa m'diso, ndikuyang'ana m'kati mwa wotchi imene inalibe vuto.

"Amuna atatu," anatero amake mapasa. "Onse ndevu zoyera." Anaika mpando uja pansi n'kukhalapo okha. Kenako anati, "Lero mukagona kwathu, achimwene. Chipinda cha mapasa chili chokhala. Sindikufunsa."

A Chidendene sanakane. Anali akuyeza chidutswa cha tayala pa soli.

"Zitha liti?" anafunsa a Dalaivala.

"Mubwere Lachinayi."

"Ndipita bwanji kunyumba, mwendo uli ndi inu?"

"Ndiye khalani pomwepo."

Anakhala pomwepo tsiku lonse. Ntchito imene kale inkawatengera ola limodzi, a Chidendene anaigwira mpaka dzuwa linachoka pa tebulo langa n'kukafika pa khoma. Ankakhoma kawiri n'kupuma. Akapuma, a Dalaivala ankagwira nsapato kuti isagwe pa chitsulo, akunena kuti kugwira kumeneko si kuthandiza, akungoteteza katundu wawo. Ya kumanja anaiika soli yatsopano ya tayala lomaliza limene lole ija inabweretsa. Ya kumanzere anaikweza kunja kwa chidendene ndi kachikopa kopyapyala ngati chikhadabo, anaisenga ndi mpeni, anaiyeza ndi inzake, anaisenganso. Pakati pa zonsezi anakangana za tayala lina la zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, limene a Chidendene ankati linali lodzaza waya, a Dalaivala n'kumati waya anali m'maso mwa wodulayo. Amake mapasa anapita kunyumba n'kubwera ndi mbale ziwiri. Za kupepesa palibe anatchula.

Patatha masiku asanu ndi anayi, nsapato zomwezo zinayenda kuchokera pa geti mpaka kumanda, kumbuyo kwa bokosi la a Chidendene. Galimoto inalipo koma a Dalaivala anaikana. Iwo anatsatira patatha miyezi isanu, ndi chibayo, mwendo wa kumanja ukadali wawo.

Koma Lachiwiri lija zimenezi palibe ankazidziwa. A Dalaivala anamanga malamba, anavala nsapato ya kumanja, anaika patapata m'thumba la jekete. Anaimirira, anaponda kawiri pa simenti ngati akuyesa buleki.

"Ikuluma," anatero.

"Izolowera. Inunso tinakuzolowerani."

Anatsika sitepe cham'mbali n'kuyamba ulendo wobwerera, amake mapasa ali pambuyo ndi mpando, atanena kuti abweranso kudzatenga achimwene. Tsiku limenelo linali lomaliza kuwamva a Chidendene akufunsa funso lawo. M'mawa mwake tebulo linakhala chiphimbire ndi lona.

Pamene awiriwo anafika pa golosale, ndinaona a Chidendene atadzutsa mutu. Sankayang'ana chipewa kapena msana. Ankayang'ana zidendene ziwiri zikusinthana pa msewu, ndipo anaziyang'ana mpaka zinafika pa geti.

"Akuponderabe kunja," anatero. "Koma pang'ono."

Kenako tinawerama tonse awiri kutola timisomali.